Mafunso a Owerenga: Kuphika Chai Latte Kunyumba

Mwezi uno tasankha makalata okhudza chakumwa chimodzi chokha, tiyi wa zokometsera wosakaniza ndi mkaka wa thovu amene m'malo omwera khofi amamutcha chai latte. Makalata ena tawafupikitsa, koma mafunso ake sitinawasinthe.

Funso: Akonzi, ndinalawa chai latte pamalo ena omwera khofi, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuyesa kuphika wanga kunyumba. Ndimawiritsa madzi, n'kuthiramo masamba a tiyi, sinamoni waufa ndi jinja waufa, kenako mkaka ndi shuga. Chimene chimatuluka ndi tiyi wosukuluka, fungo lake losamveka, ndipo pansi pa kapu pamatsala matope. Kodi ndikulakwitsa pati, kapena pali china chimene anzathuwo amathiramo chimene ife sitichidziwa?
*Mayi wina wokonda tiyi*

Yankho: Amayi, palibe chinsinsi chimene akubisirani. Vuto ndi lakuti inu mukuphika chakumwa chimodzi m'poto mmodzi, pamene iwo amakonza zinthu ziwiri padera n'kuzikumaniza m'kapu. Chinthu choyamba ndi tiyi wamphamvu kwambiri wa zokometsera, woti simungamumwe payekha, ndipo chachiwiri ndi mkaka wotentha wokhala ndi thovu. Dzina lenilenilo likunena zomwezo. Mawu akuti chai amatanthauza tiyi m'Chihindi, ndipo latte ndi mkaka m'Chitaliyana. Ku India, kumene tiyi wa zokometsera amatchedwa masala chai, masamba, zokometsera, mkaka ndi shuga zimawiritsidwa pamodzi mpaka zitalowererana. Mtundu umene inu munalawa unatchuka ku America m'zaka za m'ma 1990, pamene makampani monga Oregon Chai, yomwe inayamba mu 1994, anayamba kugulitsa tiyi wamphamvu wothira kale zokometsera ndi zotsekemeretsa, ndipo kampani ya malo omwera khofi ya Starbucks itagula kampani ya tiyi ya Tazo mu 1999 chakumwachi chinafalikira kwambiri. Choncho wogulitsa uja amangotunga tiyi wokonzeratu, kapena ufa wake, n'kuthirapo mkaka wochokera pamakina a nthunzi.

Tiyi wanu akusukuluka chifukwa mukumuphika ndi mphamvu ya tiyi womwa wopanda mkaka, kenako mukumuthiranso mkaka wambiri. M'kapu ya chai latte pafupifupi theka lonse ndi mkaka, motero tiyiyo ayenera kukhala wamphamvu kuwirikiza kawiri kuti akakumana ndi mkaka asazimirire. Cholakwika chachiwiri, chimene ndikuona kuti ndicho chachikulu, ndi kuthira masamba ndi zokometsera nthawi imodzi. Zinthu ziwirizi sizifuna nthawi yofanana. Makungwa a sinamoni, njere zonunkhira za cardamom ndi timaluwa tosamasula totchedwa cloves ndi zouma ndi zolimba, ndipo fungo lake lili m'mafuta amene amatuluka pang'onopang'ono, choncho zimafuna kubwata kwa mphindi 15 kapena 20. Masamba a tiyi akapitirira mphindi 5 m'madzi otentha amayamba kutulutsa kuwawa kumene kumaumitsa m'kamwa. Mukaziphika pamodzi, mumaphula msanga pofuna kupulumutsa masamba ndipo zokometsera zimakhala zisanapereke kanthu, kapena mumadikira zokometsera ndipo tiyi amawawa.

Matope amene mukuwaona ndi sinamoni waufa. Sinamoni ndi khungwa la mtengo, ndipo ngakhale apere bwanji sasungunuka m'madzi ngati shuga. Amangoyandama, kenako n'kukhazikika pansi, ndipo akakhalitsa m'madzi otentha amachita kuterera. Ufawo usungireni kuwaza pang'ono pamwamba pa thovu, koma pophika gwiritsani ntchito zokometsera zosapera.

Yesani motere. Tengani timakoko 8 ta cardamom wobiriwira, cloves 5, njere 8 za tsabola wakuda ndi kamtengo kamodzi ka sinamoni kotalika ngati chala. Ziphwanyeni pang'ono m'kamtondo kapena ndi kumsana kwa supuni, moti timakoko ta cardamom tingong'ambika ndipo njere zakuda za mkati zionekere. Zikazingeni m'poto wopanda mafuta pamoto wochepa kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, mpaka fungo litayamba kukwera, ndipo musachokepo chifukwa cloves sachedwa kupserera. Thiranimo madzi okwana mamililita 500, amene ndi theka la lita, pamodzi ndi jinja wamuwisi wamkulu ngati chala chachikulu amene mwamudula mopyapyala. Madzi akawira chepetsani moto, vindikirani mosiya kampata, ndipo zisiyeni zibwate kwa mphindi 15. Madziwo adzachepa ndi kusanduka ofiirira, ndipo mukawalawa mudzamva jinja akuluma pammero. Pamenepo phulani, ikanimo timatumba 5 ta tiyi wakuda kapena masupuni aakulu awiri a masamba, vindikirani, ndipo muwerenge mphindi 5. Sefani osafinya timatumbato, n'kusungunuliramo masupuni aakulu awiri kapena atatu a shuga tiyiyo akadali wotentha. Muyezo umenewu ukwanira makapu atatu. Pa kapu iliyonse, theka likhale tiyi wamphamvuyu ndipo theka linalo likhale mkaka.

Pa masamba, sankhani tiyi wakuda wamphamvu. Tiyi wa ku Assam, dera la ku India, makamaka wokonzedwa mwa njira yotchedwa CTC imene imasandutsa masamba timibulu ting'onoting'ono, ndiye amene ophika masala chai ku India amadalira, chifukwa amatulutsa mtundu ndi mphamvu mofulumira ndipo sagonja akakumana ndi mkaka. Tiyi wambiri wa m'timatumba amakonzedwa mwa njira yomweyo, choncho simukufunika kufunafuna wodula. Masamba ofewa a fungo lanthete, monga a ku Darjeeling ku India komweko, ndi abwino kumwa paokha, ndipo kuwathira m'chakumwa chimenechi ndi kuwawononga chabe. Tsabola wakuda musamusiye ngakhale akuoneka wachilendo m'tiyi, chifukwa iye pamodzi ndi jinja ndi amene amabweretsa kutenthera kuja kumene kumatsalira pammero mukameza. Koma cloves musawachulutse. Akapitirira muyezo amachititsa dzanzi lilime ndi kuphimba zina zonse.

Funso: Akonzi, ine ndilibe makina a khofi ndipo sindikuganiza zogula. Kodi thovu losalala lija lingatheke popanda makinawo? Ndikawiritsa mkaka ndimangopeza khungu pamwamba.
*Bambo wina wophunzira kuphika*

Yankho: Lingatheke, bambo, ndipo khungu limene mwatchulalo ndi umboni wakuti mkaka wanu ukupitirira pa moto. Thovu ndi mpweya umene wakodwa m'mapuloteni a mkaka. Mapuloteniwo amagwira bwino ntchito imeneyi mkaka ukakhala pakati pa madigiri 60 ndi 65, ndipo pa kutentha komweko mkaka umamveka kutsekemera pawokha. Ukadutsa madigiri 70 umayamba kumveka kupsa, thovu lake limafooka, ndipo ukawira pamabwera khungu lija. Ngati mulibe choyezera kutentha, yang'anitsitsani m'mphepete mwa poto. Nthunzi ikangoyamba kufuka ndipo timathovu ting'onoting'ono tayamba kundanda m'mbali, pakati pasanayambe kugwedezeka, phulani nthawi yomweyo.

Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi ya chofulira khofi chagalasi chotchedwa French press, chimene chili ndi kasefa kokankhira pansi. Thiranimo mkaka wotentha osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a galasilo, chifukwa udzafufuma pafupifupi kuwirikiza. Kwezani ndi kutsitsa kasefako kanayi kapena kasanu mofika pamwamba penipeni kuti mpweya ulowe, kenako pitirizani kwa masekondi 20 kasefako kali mkati mwa mkaka osatuluka. Kuyendetsa kwachiwiriko ndi kumene kumaphwanya mathovu aakulu kuti akhale ang'onoang'ono. Mukatero gogodani galasilo pathebulo pang'ono ndi kulizunguza, ndipo mudzaona mkaka ukunyezimira pamwamba ngati penti wongotsegula kumene. Thovu la mabowo aakulu ngati la sopo silimene tikufuna, chifukwa limaphwa musanafike pakati pa kapu.

Ngati chofulira chimenechi mulibe, kachipangizo ka mabatire kopukusira mkaka kamachita bwino, ndipo ngakhale kawaya kopukusira mazira kamathandiza mukalimbikira dzanja kwa mphindi imodzi. Ena amakhutchumula mkaka m'botolo lotseka. Njira imeneyi imagwira, koma chitani mkaka uli wozizira, kenako muchotse chivindikiro ndi kuutenthetsa mu microwave kwa masekondi 30 mpaka 45. Mkaka wotentha mukaukhutchumula m'botolo lotseka mpweya umadzadzana mkati, ndipo potsegula ukhoza kukuthovukirani m'manja.

Mkaka wosachotsa mafuta, umene umakhala ndi mafuta pafupifupi 3.5 peresenti, umapereka thovu lofewa ndi lokoma. Wochotsa mafuta umafufuma kwambiri koma thovu lake limakhala louma ndi lopanda kukoma. Mkaka waufa umachitanso thovu ngati mwausungunula bwino osauchulutsira madzi. Kwa amene samwa mkaka wa ng'ombe, wa soya ndi umene umayandikira chifukwa uli ndi mapuloteni ambiri, ndipo wa oats umagwirizana bwino ndi sinamoni, makamaka umene papaketi pake palembedwa kuti barista. Pothira m'kapu, yambani ndi tiyi wamphamvu wotentha, kenako mkaka mutatchinga thovu ndi supuni, ndipo thovulo mulitsetserekere pamwamba pomaliza.

Funso: Akonzi, tsiku lina ndinapala jinja wamuwisi n'kumuthira mumkaka umene unali pamoto. Posakhalitsa mkakawo unaundana n'kuchita timabuma, ngakhale unali watsopano. Alendo anali atakhala kale pabalaza ndipo ndinachita manyazi kwambiri. Chinachitika n'chiyani?
*Mtsikana wina wa pasukulu ya ukachenjede*

Yankho: Pepani achemwali, koma mkaka wanu unalibe mlandu. Jinja wamuwisi ali ndi enzyme, kanthu kachilengedwe kamene kamasintha zakudya, yotchedwa zingibain imene imadula mapuloteni a mkaka ndi kuwachititsa kugwirana, ndipo imagwira ntchito mwamphamvu pa kutentha komwe kuja kwa madigiri 60 mpaka 65 kumene timatenthetsera mkaka. Ku Guangdong ndi ku Hong Kong, kum'mwera kwa China, anthu amachitira dala zimenezi: amathira mkaka wotentha pa madzi ofinya m'jinja, n'kuusiya kwa mphindi zochepa kuti ugwirane ndi kukhala chakudya chotsekemera chodyera supuni. Inu munapanga chakudya chimenecho mosafuna. Enzyme imeneyi imafa ikawiritsidwa, choncho jinja aziyamba wabwata m'madzi kwa mphindi zingapo asanakumane ndi mkaka, monga zilili m'kaphikidwe kamene tafotokoza m'yankho loyamba. Jinja wouma kapena waufa sakhala ndi vuto limeneli kawirikawiri, ngakhale kukoma kwake n'kosiyana. Madzi a mandimu ndi china chilichonse chowawasa zimaundanitsanso mkaka, motero musazithire m'chakumwachi.

Funso: Akonzi, pamndandanda wa zakumwa ndimaona vanilla chai, caramel chai, chocolate chai ndi china chotchedwa dirty chai. Kodi chilichonse chili ndi kaphikidwe kakekake? Ndipo nanga wozizira uja amamupanga bwanji?
*Wowerenga wokhulupirika*

Yankho: Ayi, zonsezi zimachokera pa tiyi wamphamvu mmodzi yemweyo, ndipo chimene chimasintha ndi madzi a shuga a fungo amene amathiramo pomaliza. Ngati mukufuna kumasinthasintha, phikani tiyi wanu wopanda shuga kuti kutsekemera kuzichokera m'madzi a shugawo, apo ayi chakumwa chanu chidzatsekemera mopitirira mpaka zokometsera osamvekanso.

Vanila ndiye wosavuta, ndipo kwa ine ndiye amene amagwirizana kwambiri ndi cardamom. Sungunulani shuga ndi madzi pa muyezo wofanana, mwachitsanzo theka la kapu chilichonse, pamoto wochepa mpaka madziwo atayera. Phulani, dikirani azizire pang'ono, kenako thiranimo masupuni aang'ono awiri a vanila wamadzi. Vanila amathiridwa poto atachoka pamoto chifukwa fungo lake limathawa ndi nthunzi. Supuni yaikulu imodzi ya madzi a shuga amenewa imakwanira kapu imodzi.

Caramel amafuna kusamala. Ikani theka la kapu ya shuga m'poto wa pansi pokhuthala pamodzi ndi masupuni aakulu awiri a madzi, ndipo muusiye pamoto wapakatikati osatakasa. Shugayo adzawira, madzi adzauma, kenako pa madigiri pafupifupi 170 adzayamba kufiira kuchokera m'mbali. Pakati pa kufiira kokoma ngati uchi ndi kupserera kowawa pali masekondi ochepa chabe, choncho maso asachoke m'poto. Akafika pa mtundu wa uchi wakuda phulani, n'kuthiramo theka la kapu ya madzi otentha pang'onopang'ono mutatalikitsa nkhope, chifukwa amathovoka mwaukali ndipo shuga wosungunuka amawotcha koposa madzi owira. Bwezerani pamoto mpaka zonse zitasungunuka, ndipo kamchere kotsina ndi zala kamathandiza kuti kukoma kwake kumveke bwino.

Pa chokoleti, tengani supuni yaing'ono imodzi ya ufa wa koko ndi shuga pang'ono, muzisakanize m'kapu ndi supuni imodzi ya tiyi wotentha mpaka zikhale phala losalala, kenako muthire tiyi wotsalayo. Mukathira koko pamwamba pa kapu yodzadza amangoyandama m'timabuma touma mkati. Ndinene moona kuti chokoleti amaphimba cardamom, ndipo amene amamufuna achite bwino kuwonjezera sinamoni ndi jinja pophika. Dirty chai ndi chai latte wothiramo kakhofi kamphamvu ka espresso, pafupifupi mamililita 30. Kunyumba mungafule khofi wamphamvu kwambiri n'kuthiramo masupuni aakulu awiri kapena atatu.

Wozizira amapangidwa ndi tiyi wamphamvu amene wazizira kale mufuriji, mkaka wozizira ndi ayisi. Musathire tiyi wotentha pa ayisi, chifukwa ayisiyo amasungunuka nthawi yomweyo ndipo mumabwerera ku tiyi wosukuluka uja. Dziwaninso kuti kuzizira kumachepetsa kumveka kwa shuga ndi fungo, motero tiyi achulukirepo pang'ono kuposa mkaka.

Funso: Akonzi, ndine woyembekezera ndipo ana anga awiri nawonso amalirira chakumwachi akandiona ndikumwa. Kodi n'choyenera kwa ine ndi kwa iwo?
*Mayi wa ana awiri*

Yankho: Amayi, pali zinthu ziwiri zoyenera kuziwerengera: caffeine, chinthu cha m'tiyi ndi m'khofi chimene chimathamangitsa tulo, ndi shuga. Kapu wamba ya tiyi wakuda imakhala ndi caffeine wokwana mamiligalamu 40 mpaka 50, pamene kapu ya khofi imakhala ndi pafupifupi 95. Koma kumbukirani kuti m'kaphikidwe kathu timatumba 5 tagawidwa m'makapu atatu, choncho kapu imodzi ya chai latte ili ndi caffeine woposa wa kapu ya tiyi wamba, ndipo mukathiramo espresso mwawonjezeranso mamiligalamu opitirira 60. Bungwe la zaumoyo la ku Britain la NHS limalangiza amayi oyembekezera kuti asapitirire mamiligalamu 200 patsiku, kuwerengera pamodzi tiyi, khofi, chokoleti ndi zakumwa za kola. Kapu imodzi patsiku ili mkati mwa malire amenewa, koma kambiranani ndi azamba kapena dokotala amene akukuonani, chifukwa iwo ndi amene akudziwa thupi lanu. Tiyi amachepetsanso ayironi amene thupi limatenga m'chakudya, ndipo popeza mayi woyembekezera amafunika ayironi wambiri, musamwe tiyiyu pamodzi ndi chakudya kapena ndi mapiritsi owonjezera magazi. Papite ola limodzi kapena kuposerapo.

Kwa ana, ndiponso kwa inu madzulo, m'malo mwa tiyi wakuda gwiritsani ntchito rooibos, chitsamba cha kudera la mapiri a Cederberg ku South Africa chimene chilibe caffeine. Rooibos sawawa ngakhale akhalitse m'madzi, choncho mungamusiye kwa mphindi 10, ndipo mtundu wake wofiira umaoneka bwino mumkaka. Kwa anawo chepetsani tsabola ndi jinja. Za shuga, bungwe la World Health Organization limalangiza kuti shuga wothira asapitirire 10 peresenti ya mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku, zimene kwa munthu wamkulu ndi magalamu pafupifupi 50, kapena masupuni aang'ono 12, ndipo limati kutsikira pa theka la muyezo umenewu n'kwabwino koposa. Kapu yaikulu ya chai latte wogula ikhoza kudya gawo lalikulu la muyezo umenewu payokha. Wophika kunyumba ali ndi mwayi wochepetsa, ngakhale sindilangiza kuchotseratu, chifukwa shuga pang'ono ndi amene amadzutsa fungo la zokometsera, ndipo popanda iye cloves ndi tsabola zimangomveka kuwawa. Uchi ungalowe m'malo mwa shuga, koma nawonso umawerengedwa pa muyezo womwe uja, ndipo usaperekedwe kwa mwana wosakwana chaka chimodzi.

Funso: Akonzi, m'mawa ndimakhala ndi changu. Kodi ndingaphikiretu wa sabata yonse?
*Wogwira ntchito muofesi*

Yankho: Mungathe, malinga ngati mukusunga tiyi wamphamvu yekha wopanda mkaka. Wirikizani kawiri muyezo wa m'yankho loyamba, sefani bwino kuti musatsale zidutswa za jinja kapena masamba, ndipo akazizira muthire m'botolo lagalasi loyera lotseka bwino n'kuika mufuriji. Mumalize m'masiku 5. Mukaona kuti wachita mbuu atazizira musadandaule, tiyi wamphamvu amatero ndipo amayeranso akatenthedwa, koma akasintha fungo kapena kuwawasa mutayeni. Ngati mukufuna kusunga nthawi yaitali, muthireni m'timbale topangira ayisi n'kumuumitsa mufiriza. Timabuloko tinayi kapena tisanu timakwanira kapu imodzi, ndipo timasungunuka m'poto pa nthawi yomwe mukupukusa mkaka.